"Mpatse, Chris": mlandu wa mnzako ukagwera iwe

Awa ndi mawu amene analankhulidwa kwa achinyamata athu titangomaliza kuonera limodzi filimu ya Let Him Have It.

Makolo amene mwakhala kumbuyoko takulandirani, koma mundikhululukire, madzulo ano ndikufuna ndilankhule ndi ana athuwa. Inu achinyamata amene Chichewa chimakuvutani pang'ono, musachite manyazi, sunthirani pafupi ndi mnzanu amene amamva bwino. Ndiyenda pang'onopang'ono, ndipo mawu a zamalamulo amene tilibe m'chinenero chathu ndiwatchula m'Chingerezi momwemo, chifukwa ndi mmene mudzawamvere tsiku lina wapolisi kapena loya akuwatchula.

Ndinaona ena a inu mukupukuta m'maso filimu ikutha. Wina anandinong'oneza kuti, "Koma zimenezi ndi zakale, masiku ano sanyonganso." Zoona, kuno sanyonganso. Anthu omaliza ananyongedwa mu 1964, ndipo chilango chonyonga munthu wopha mnzake anachiimitsa mu 1965. Koma lamulo limene linafikitsa Derek Bentley pa chingwe silinafe. Lilipo, likugwira ntchito m'makhoti a ku England ndi Wales sabata iliyonse, ndipo ambiri amene limawakola ndi a msinkhu wanuwu.

Tiyambe talekanitsa zimene zinachitikadi ndi zimene opanga filimu anatisankhira.

Usiku wa pa 2 Novembala 1952, ku Croydon, anyamata awiri anakwera padenga la nyumba yosungiramo katundu ndi cholinga choba. Christopher Craig anali ndi zaka 16 ndipo anali ndi mfuti. Derek Bentley anali ndi zaka 19, wodwala khunyu, wosadziwa kuwerenga ngakhale kulemba, ndipo amene anamuyeza ankati nzeru zake zinali ngati za mwana wa zaka 11. M'thumba mwake munali mpeni ndi chitsulo chovala ku zala pomenya nkhonya. Anthu a nyumba yoyandikana nayo anawaona, anaitana apolisi. Wapolisi woyamba kufika padengapo, Frederick Fairfax, anagwira Bentley. Apolisi anauza khoti kuti pamenepo Bentley anakuwa kuti "Let him have it, Chris," ndipo Craig anawombera Fairfax paphewa. Patapita mphindi ngati 15, Bentley ali kale m'manja mwa apolisi, osathawa ngakhale mpata unalipo, wapolisi wina, Sidney Miles, anatulukira padengapo ndipo Craig anamuwombera m'mutu. Anafera pomwepo.

Mawu aja tiyeni tiwaike m'Chichewa. "Mpatse, Chris." Mwaona kuti ngakhale kwathu vuto lake ndi lomwelo? Mpatse chiyani? Mfuti, monga wapolisi ankafunira, kapena chipolopolo? Amene munaonapo ana akumenyana pabwalo la sukulu mukudziwa kuti "mpatse!" amatha kukhala mawu okolezera ndewu. Filimuyi yatisonyeza Bentley akukuwa mawuwa mwamantha, ngati munthu amene akuchonderera mnzake kuti apereke mfuti. Koma kukhoti, Bentley ndi Craig yemwe anakana kuti mawuwa sananenedwe n'komwe. Ndiye pali nkhani zitatu pamenepa, ya apolisi, ya anyamatawo, ndi ya wopanga filimu, Peter Medak, amene mu 1991 anasankha imodzi n'kuiika pamaso pathu ngati kuti ife tinalipo padengapo.

Mlandu unazengedwa ku Old Bailey mu Disembala 1952, pamaso pa jaji wamkulu wa dziko lino nthawi imeneyo, Lord Goddard. Unatenga masiku atatu okha. Jury, lomwe ndi gulu la anthu wamba 12 amene amagamula ngati munthu walakwa kapena ayi, linapeza onse awiri olakwa pa mlandu wopha munthu, koma linapempha kuti Bentley amuchitire chifundo. Craig, amene anawombera, sakanatha kunyongedwa chifukwa anali asanakwane zaka 18. Anakhala m'ndende zaka 10 n'kutuluka mu 1963. Bentley, amene sanakhudze mfuti, ananyongedwa ku ndende ya Wandsworth pa 28 Januwale 1953. Aphungu a Nyumba ya Malamulo pafupifupi 200 anasaina kalata yopempha kuti asaphedwe, koma nduna yoona za m'dziko, David Maxwell Fyfe, inakana.

Pali kanthu kena kamene filimu sinakhalitsepo, koma inu amene mumalankhula zinenero ziwiri mukamvetsa msanga. Apolisi anapereka kukhoti chikalata chimene anati ndi mawu a Bentley mwini, ongolembedwa mmene ankalankhulira. Patapita zaka zambiri, katswiri wa chinenero Malcolm Coulthard anachisanthula, n'kuona kuti liwu loti "then" likubwera kawirikawiri, komanso likubwera pambuyo pa "I", kalembedwe kamene anthu wamba salankhula koma apolisi amakakonda m'malipoti awo. Kaliwu kamodzi kanasonyeza kuti m'chikalatamo munalowa dzanja la munthu wina. Mumadziwa mmene mumazindikirira kuti uthenga wa pa foni ya amayi anu walembedwa ndi mchemwali wanu? Ndi nzeru yomweyo.

Mlongo wake wa Bentley, Iris, anamenyera nkhaniyi moyo wake wonse. Anamwalira mu 1997, ndipo chigamulo chinafafanizidwa ndi khoti la apilo pa 30 Julayi 1998, iye atagona kale. Koma mvetsetsani chifukwa chake. Lord Bingham ndi anzake sananene kuti munthu amene sanawombere sangaweruzidwe ngati wakupha. Ananena kuti Lord Goddard sanatsogolere jury mwachilungamo, anakondera mbali ya apolisi, ndipo potero Bentley sanazengedwe mlandu moyenera. Lamulo lenilenilo sanaligwedeze.

Lamulo limenelo ndi limene anthu amalitchula kuti joint enterprise. Tanthauzo lake n'losavuta kumva. Ukathandiza kapena kulimbikitsa mnzako kupalamula mlandu, khoti limakutenga ngati wapalamula ndiwe. Osati theka la mlanduwo, koma wonse. Ngati mnzakoyo wapha munthu, nawenso dzina lako ndi wakupha, ndipo chilango cha murder kuno ndi chimodzi basi, kukhala m'ndende moyo wonse. Jaji amangosankha zaka zimene uyenera kukhalamo usanaganiziridwe zotuluka. Kwa munthu wamkulu, ngati mpeni unachita kunyamulidwa kupita nawo pamalopo, kuwerenga kumayambira pa zaka 25. Ndipo kuno mwana amayamba kuyankha mlandu ali ndi zaka 10.

Kwa zaka zoposa 30 lamuloli linakula kupitirira muyeso. Zinayambira pa mlandu wa ku Hong Kong wotchedwa Chan Wing-Siu, umene majaji a ku London anagamula mu 1984. Kuchokera pamenepo, oimira boma sankafunikanso kusonyeza kuti iwe unkafuna kuti munthu aphedwe kapena avulazidwe kwambiri. Zinali zokwanira kusonyeza kuti munapitira limodzi kukachita cholakwa china, ndipo iwe unkatha kuona kuti mwina mnzakoyo angachite zoopsa. Taganizani bwino. Kuti amange wobaya mpeni, ankayenera kutsimikiza kuti anali ndi cholinga. Kuti amange amene anaima pambali, ankangofunika kusonyeza kuti anaganizirapo kuti zingachitike. Kunali kosavuta kumanga woonerera kusiyana ndi wobayayo.

Pa 18 Febuluwale 2016, khoti lalikulu la Supreme linavomera kuti malamulo anasokera njira. Unali mlandu wa Ameen Jogee wa ku Leicester, amene anali panja pa nyumba akukuwa pamene mnzake anabaya munthu m'katimo. Majaji anati kuoneratu kuti chinthu chingachitike ndi umboni chabe umene jury lingaganizire, koma chofunika kutsimikiza ndi chakuti munthuyo anali ndi cholinga chothandiza kapena kulimbikitsa mlanduwo. Mabanja ambiri anavina tsiku limenelo, poganiza kuti ana awo atuluka. Sizinatero. Khoti la apilo linaika mpanda wautali: amene anamangidwa kale ayenera kusonyeza kuti anachitiridwa chosalungama chachikulu, ndipo pafupifupi onse amene anayesa analephera. Mmodzi amene anapambana, John Crilly, mlandu wake unatsitsidwa mu 2018, ndipo chaka chotsatira ndi iye amene anathamangitsa chigawenga chija pa London Bridge atanyamula chozimira moto. Jogee mwiniwake sanapite kunyumba. Anazengedwanso, n'kupezeka wolakwa pa manslaughter, kupha munthu popanda cholinga chopha, ndipo anapatsidwa zaka 12.

Tsono ndani amene lamuloli limawagwera kwambiri? Mu 2023 ofesi yoimira boma pa milandu, Crown Prosecution Service, inakakamizika kuyamba kuwerenga, bungwe la mabanja a omangidwa lotchedwa JENGbA litaikokera kukhoti. M'madera amene anawerengamo, anthu akuda anali pafupifupi 30 pa 100 alionse oimbidwa milandu yotereyi, pamene m'dziko lonse anthu akuda ndi 4 pa 100. Sindikunena izi kuti muzidana ndi apolisi. Ndikunena kuti mudziwe kuti anyamata asanu achizungu akaima pakona, kawirikawiri amatchedwa gulu la anzawo, koma asanu a khungu lathu amafulumira kutchedwa gang. Liwu limenelo likangolowa m'khoti, chithunzi chimene munajambulitsa limodzi, nyimbo ya drill imene munaimba, mmene munapindira zala pa Snapchat, zonse zimasanduka umboni wakuti munali ndi mtima umodzi.

Ku Manchester mu 2022, anyamata 10 akuda anamangidwa pa mlandu wopangana chiwembu chobwezera imfa ya mnzawo. Ena mwa iwo sanapite kulikonse, sanagwire chida chilichonse. Umboni waukulu pa iwo unali mauthenga amene analemba pa gulu la Telegram ali pa chisoni ndi mkwiyo, patangopita masiku ochepa mnzawoyo ataphedwa, ndipo anapatsidwa zaka 8. Mmodzi anamasulidwa ndi khoti la apilo mu 2025. Umenewu ndi mlandu wa conspiracy, wosiyana pang'ono ndi joint enterprise, koma ndautchula chifukwa aliyense wa inu ali m'magulu a pa foni osachepera asanu, ndipo mukudziwa zimene zimalembedwa mmenemo usiku anthu akapsa mtima.

Apa ndiime kaye, chifukwa nkhani ikamakoma mbali imodzi ndiye kuti ina taibisa.

Pa 22 Epulo 1993, Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa zaka 18, anaphedwa ku Eltham akudikira basi. Anamuzinga anyamata achizungu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Makolo ake anadikira zaka pafupifupi 19 kuti wina amangidwe. Pamene Gary Dobson ndi David Norris anapezeka olakwa mu Januwale 2012, khoti silinatsimikize kuti mmodzi wa awiriwa ndi amene anagwira mpeni. Anamangidwa chifukwa anali m'gulu limene linamuukira. Lamulo lake ndi lomweli. Ndiye amene mukufuna kuti lichotsedwe lonse, mukawauza chiyani mayi a Stephen? Gulu likazinga munthu, aliyense m'gulumo amachitapo kanthu. Wina watseka njira yothawira, wina wapatsa wobayayo mtima woti sali yekha, ndipo pamapeto onse amatseka pakamwa kuti asadziwike amene anabaya. Dziko limene lingati "sitikudziwa dzanja lenileni, choncho nonse pitani kwanu" likhala dziko limene magulu amapha mosaopa, ndipo ophedwa ambiri adzakhala a msinkhu wanu ndi khungu lanu.

Filimu imene taonerayi ili ndi vuto lomwelo la mbali imodzi. Takhala maola awiri m'nyumba ya a Bentley. Tawaona bambo ake, mayi ake, Iris, agalu awo, wailesi yawo. Christopher Eccleston wasewera Derek mwaluso moti tonse tinamutenga ngati mchimwene wathu. Nanga Sidney Miles tamuona mphindi zingati? Anali bambo wa zaka 42, wapabanja, amene anachoka kunyumba kupita ku ntchito usiku umenewo osabwereranso. Kamera ikanakhala m'nyumba mwake maola awiri, bwenzi tikulira misozi ina. Sindikuti filimuyi yanama. Ndikuti wopanga filimu amasankha woti timumvere chisoni, monga mmene loya amasankhira zoti jury limve. Jimmy McGovern, polemba filimu ya Common imene BBC inaonetsa mu 2014, anayesa kukonza zimenezi. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa zaka 17 amene wapemphedwa kuyendetsa anzake pa galimoto, iye akuganiza kuti akukagula pizza, koma m'sitolomo munthu wosalakwa akubayidwa. McGovern akutisonyeza amayi awiri, wa woyendetsa galimotoyo ndi wa wophedwayo, amene akusowa ngakhale ndalama yoikira maliro. Muifunefune muionere. Mukaona kuti mnyamatayo pamapeto akuvomera mlandu wocheperako, osati chifukwa akudziona wolakwa, koma chifukwa akuopa kuti akalimbana nawo n'kugonja, ndiye moyo wonse m'ndende.

Tsono ine maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kutsutsa. Pali mafunso atatu amene timawasakaniza. Kodi munthuyu walakwa? Walakwa chiyani? Nanga chilango chomuyenera n'chotani? Derek Bentley analakwa, tisadzinamize. Anapita kukaba, ananyamula zida m'thumba, anatsagana ndi mnzake amene ankadziwika kuti amakonda mfuti. Akanakhala mwana wa m'nyumba mwanga, sindikanamuuza kuti ndiwe woyera. Koma kulakwa kwake sikunali kupha Sidney Miles, ndipo chilango chake sichinayenere kukhala chingwe. Vuto la lamuloli si lakuti limafunsa woima pambali kuti ayankhepo. Vuto ndi lakuti pa mlandu wopha lili ndi dzina limodzi ndi chilango chimodzi kwa wobaya, wokuwa, ndi woyendetsa galimoto, ndipo limasiyira jury kuti lilote zimene zinali mumtima mwa mwana wa zaka 16 m'masekondi 20 a chipwirikiti. Phungu wa ku Liverpool, Kim Johnson, anabweretsa bilo yofuna kuti munthu azimangidwa motere pokhapokha ngati anathandizira mlanduwo mooneka. Sinadutse. Imeneyo ndi nkhondo imene inu, amene muli ndi mavoti ndi Chingerezi chakuno, mungathe kuimenya kuposa ife.

Makolo anu akamamva zimenezi sadabwa kwenikweni, chifukwa kwathu mlandu sukhala wa munthu mmodzi. Timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ndili wamng'ono, msuweni wanga anali m'gulu la anyamata amene anatentha tchire posaka mbewa, moto n'kulowa m'munda wa eni. Pabwalo la mfumu sanataye nthawi kufunsa amene anayatsa machesi. Anaitana atsibweni a mwana aliyense, eni mbumba, ndipo onse anasonkha kulipira mwini munda. Ndiye inde, kuyankhira limodzi timakudziwa. Koma taonani kusiyana kwake. Pabwalo paja mtolo unali umodzi, ndipo anaugawana kuti wolakwiridwa abwezeredwe, anawo n'kubwerera m'mudzi atadzudzulidwa. Kuno mtolowo saugawa. Amauchulukitsa. Munthu mmodzi akafa, anyamata asanu ndi awiri akhoza kusenza aliyense moyo wonse m'ndende. Sindikunena kuti imfa ya munthu ingalipidwe ndi mbuzi, ndipo musaganize kuti makhoti a ku Malawi ndi ofewa pa nkhaniyi, chifukwa malamulo a milandu kumeneko anachokera kwa Angerezi omwewa, ndipo nawonso amati anthu amene apangana kuchita cholakwa amayankha onse pa zotsatira zake. Abale athu a ku South Africa amalidziwa ndi dzina loti common purpose. M'nthawi ya tsankho, anthu asanu ndi mmodzi a ku Sharpeville anaweruzidwa kuti anyongedwe mu 1985 chifukwa chopezeka m'khamu limene linapha wachiwiri kwa meya, ndipo anapulumuka chingwe dziko lonse lapansi litakuwa. Kulikonse kumene mungapite, lamuloli mukalipeza.

Koma tisiye makhoti pang'ono, tikambe za ife. Lamulo limati kungopezeka pamalo si mlandu. Zimenezo n'zoona. Ukhoza kuima n'kuonerera munthu akumenyedwa, osachita kanthu, ndipo kuno palibe lamulo lokukakamiza kumupulumutsa. Koma kodi umunthu umatero? Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ndewu zambiri za achinyamata sizikanachitika pakanapanda oonerera. Mnyamata amene watulutsa mpeni nthawi zambiri akuopa kuoneka wamantha pamaso pa anzake. Mafoni 10 amene akwezedwa m'mwamba kujambula ndi amene akumuuza kuti sungabwerere m'mbuyo tsopano. Khoti likhoza kukumasula iwe wojambula, ndipo mwina liyenera kutero. Koma usiku ukagona umadziwa kuti foni yako inali nkhuni pa moto umenewo. Pali zinthu zimene jaji sangakufunse koma agogo ako angakufunse.

Ndipo pali nkhani ya kukhulupirika kwa anzako. Ndikudziwa liwu limene mumatchula munthu woulula, ndipo ndikudziwa kuti kwa ena a inu kuulula kukhoza kuika moyo pa ngozi, sindikuzipeputsa. Koma taonani amene anapindula ndi kukhulupirika kwa Derek. Iye ankafuna kuti Craig ndi anzake amuone ngati mwamuna, chifukwa kusukulu ndi kuntchito aliyense ankamuona ngati chitsiru. Craig anatuluka mu 1963, anakwatira, anagwira ntchito, anakalamba. Mnzako amene akukuitana kuti "tiye ungondiperekeza, sipachitika kanthu," iye akudziwa chimene chili m'thumba mwake, sakukupempha ubwenzi. Akukupempha kuti usaine chikalata chimene sunawerenge.

Wina afunsa kuti, nanga ndikazindikira mochedwa, tili kale m'njira? Lamulo limalola munthu kudzichotsa, koma ndi lolimba. Pali mlandu wa mu 1975 wotchedwa Becerra. Munthuyo anapatsa mnzake mpeni akukathyola nyumba. Atamva kuti wina akubwera, anauza mnzakeyo kuti tiye tizipita, n'kudumphira pawindo kuthawa. Mnzake anatsala n'kubaya munthu. Khoti linati kuthawa kokha sikunakwane, ndipo anamangidwa ngati wakupha. Choncho kudzichotsa kuyenera kuchitika msanga, momveka, ndipo ngati zinthu zafika kale poipa, uyenera kuchitapo kanthu koletsa, monga kuchenjeza munthuyo kapena kuimba 999. Njira yosavuta kuposa zonsezi ndi kutsika galimoto pamene wangomva kuti wina wanyamula chida, ngakhale akuseke. Tumiza uthenga woti ine ndabwerera, sindili nawo. Uthenga umenewo uli ndi nthawi yake yolembedwa, ndipo tsiku lina ukhoza kulankhula m'malo mwako.

Pali chinthu china chimene anzanu achizungu sachiganizira, koma inu muyenera kuchidziwa, ndipo makolo kumbuyoko tcherani khutu. Kubadwira kuno sikutanthauza kuti ndiwe nzika ya kuno. Chiyambire 1 Januwale 1983, mwana wobadwira ku Britain amakhala nzika pokhapokha ngati kholo limodzi linali nzika kapena linali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale pa tsiku lobadwalo. Ambiri a ife tinali pa viza ya sukulu kapena ya ntchito pamene inu munkabadwa. Mwana wotere akakhala kuno zaka 10 zoyambirira ali ndi ufulu wolembetsa unzika, koma kuyambira pa zaka 10 zomwezo boma limayang'ananso mbiri ya khalidwe lake, ndipo mlandu ukhoza kutseka khomo limenelo. Komanso lamulo la mu 2007 limati munthu wamkulu amene si nzika akapatsidwa chilango cha miyezi 12 kapena kuposa, boma liyenera kuyamba zomuthamangitsa m'dziko. Ndiye anyamata awiri akhoza kupalamula mlandu umodzi, kulandira chilango chimodzi, wina potuluka n'kupita kwa mayi ake ku Luton, wina n'kukwezedwa ndege kupita ku Lilongwe kapena Harare kumene anangopitako kawiri pa Khirisimasi. Mukafika kunyumba usiku uno, funsani makolo anu kuti pasipoti yanu ndi ya dziko liti ndipo mapepala anu ali pati. Makolo, musakwiye akakufunsani, ndipo musazengereze chifukwa cha ndalama yolembetsera, ngakhale ndikudziwa kuti ndi yambiri.

Tsiku lina mukadzatengedwa ndi apolisi, Mulungu aletse, kumbukirani izi. Muli ndi ufulu wa loya waulere pa polisi pomwepo, usana kapena usiku, kaya banja lanu lili ndi ndalama kaya lilibe. Mufunseni, ndipo musayankhe mafunso iye asanafike, ngakhale wina akuuzeni kuti mukadikira loya muchedwa kupita kunyumba. Ngati simunakwane zaka 18, payenera kukhalanso munthu wamkulu wokuperekezani, amene amamutcha appropriate adult. Kukhala chete ndi ufulu wanu, koma kuno khoti limaloledwa kukayikira ngati mudzanena kukhoti chinthu chimene simunanene pofunsidwa, n'chifukwa chake chosankha cholankhula kapena kukhala chete muyenera kupanga ndi loya, osati ndi mnzanu wa m'chipinda choyandikana. Ndipo ife makolo tili ndi matenda athu. Mwana akagwidwa timayamba ndi manyazi, kuopa kuti a kutchalitchi amva, kenaka timamukalipira kuti "auze zonse abwanawa, upepese, tizipita." Ulemu umene tinaphunzira kwathu pamaso pa wapolisi ndi wabwino, koma m'chipinda chofunsiramo mafunso ukhoza kumangitsa mwana wanu. Derek Bentley anasaina chikalata chija pa polisi usiku womwewo, popanda loya, munthu amene sankatha kuwerenga zimene zinalembedwamo.

Nthawi yathu m'holo muno yatsala pang'ono, ndipo ndikuona manja awiri akwezedwa kale. Tiyambe ndi iwe mwana wanga wa jekete lofiira, ufunse m'chinenero chilichonse chimene chikubwerera msanga.